Wopanga Mvula wa ku Falls Church

Manassas, Virginia
12 Febuluwale 2023

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Gresham ndi banja lake. Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu chanding'amba milomo. Popeza pafoni timangokuwizana osamvana chifukwa cha makutu anuwo, ndizilemba papepala, n'kujambula, n'kutumiza pafoni ya Gresham. Muzivala mandala anu n'kuwerenga nokha, iye angamakudumphireni mizere.

Ntchito ya kunyumba yosungirako okalamba ija ndinasiya. Marjorie, mnzanga wa ku Zambia amene ndimakhala naye, anandipezera ina ku Falls Church, yosamala bambo mmodzi wa zaka 84. Dzina lawo ndi a Kathiresan. Ndi Amwenye, koma osati ngati a m'masitolo a ku Limbe. Kwawo ndi kummwera kwa India, amalankhula Chitamil, ndipo khungu lawo silisiyana kwenikweni ndi la amalume. Amakhala ndi mwana wawo wamkazi, a Vasanthi, dokotala wa mano, amene amachoka m'mawa n'kubwera madzulo. Mutu wa bambowo sukhazikika. Lero andidziwa, mawa andifunsa kuti ndalowera pati.

Mukamva ntchito imene ankagwira museka. Ankapanga mvula. Zaka makumi anayi anakhala akupanga mvula ya m'mafilimu mumzinda wa Chennai. Akuti kwawoko filimu yopanda mvula anthu amatulukamo akung'ung'udza. Mnyamata ndi mtsikana akakondana, kugwe mvula. Munthu akaferedwa, kugwe mvula. Ndiye iwo ankabwera ndi magalimoto a madzi ndi mapaipi aakulu, n'kukwera pansanja, n'kumathira ovinawo madzi mpaka mkulu wa filimu atakhutira. Amati mvula ya kumwamba sioneka pakamera, ndi yopyapyala. Yawo ndiyo inkaoneka yeniyeni.

Mvula m'chilankhulo chawo amati mazhai. Ayesa kundiphunzitsa koma lilime langa likukana kupindika. Lachinayi kunawaza pang'ono, ndipo a Vasanthi anaweruka msanga n'kudzakazinga anyezi woviika mu ufa wa nchana, n'kuphika tiyi wa jinja. Akuti kwawo mvula ikagwa amatero, chifukwa zaka zina imasowa mpaka amayi kumafola ndi mitsuko ya pulasitiki kudikira galimoto ya madzi.

Chimodzi chokha n'chimene chikundidabwitsa. Akangomwa tiyi wa m'mawa amafuna ndiwaikire nyimbo imodzimodzi ya mufilimu yakale, ya atsikana ovina pamvula pabwalo la kachisi. Saimba nawo, samwetulira. Amangoloza ndi chala, milomo ikugwedera.

Nanga mvula kumeneko ikugwa bwanji? Denga lija Gresham anakonza?

Ndine mwana wanu,
Felistas


Chilobwe, Blantyre
24 Febuluwale 2023

Felistas mwana wanga,

Kalata yako ndawerenga kawiri. Ine ndili bwino kupatula bondo. Ana a Gresham ali bwino, wamng'ono uja wayamba kuyenda.

Za bambo ako a mvulawo sindinaseke. Kwathu ku Chiradzulu munthu akatchulidwa kuti amamanga mvula, ana sitinkadutsa pakhomo pake. Awa akowa amaimasula. Sindidziwa chabwino n'chiti. Uziwasambitsa, uziwadyetsa monga mwa ntchito yako, koma nyimboyo usamaonere nawo. Munthu wamkulu akamayang'ana chinthu chimodzi tsiku ndi tsiku, ndiye kuti nachonso chikumuyang'ana.

Denga silikudontha. Madzi akutulukira pansi, kuseri kwa kabati, ofiira ngati katondo. Ndimakolopa m'mawa, pofika masana abwerera. Gresham akuti ndisamukire kwake ku Zingwangwa mpaka mvula ithe. Ndamuuza kuti phiri la Soche ndakhala nalo zaka makumi atatu, silinandiputepo. Nyumba anamanga bambo ako ndiisiyire achule? Ukamamulembera umuuze asiye kundivutitsa, iwe amakumvera.

Loya wako uja wati chiyani za mapepala? Chaka chino n'chachisanu ndi chimodzi ndisanakuone. Pachithunzi chija waonda. Uzidya.

Amako


Manassas
5 Malichi 2023

Amayi,

Moni nonse. Loya akuti mlandu wanga udzamvedwa mu Sepitembala, ndipo ndikatuluka m'dziko muno usanathe sindidzalowanso. Tipirire miyezi yatsalayi. Gresham ndamuuza kuti akusiyeni m'nyumba mwanu, koma madzi a kuseri kwa kabatiwo akachuluka musaumirire.

Mundikhululukire, mawu anu sindinawasunge. Sindingawasiye okha pamaso pa TV chifukwa amadzuka pachikuku n'kugwa, ndiye nyimboyo ndimaonera nawo. Lachitatu mutu wawo unali bwino, ndinawafunsa chimene amaloza. Anandiuza ndi Chingerezi chawo chodukaduka kuti amawerenga atsikanawo.

Akuti munali mu 1979, chaka cha chilala. Anthu ankamenyana pampopi, iwo n'kumathira madzi pansi masiku atatu otsatizana. Atsikana ovina analipo khumi ndi awiri. Mmodzi, wa kumzere wakumbuyo cha kumapeto, dzina lake anali Ponni. Tsiku lachitatu waya wa getsi lalikulu unagwera m'madzi amene anaima pabwalopo, pafupi ndi mapazi ake. Iwo ali pansanja anamuona akunjenjemera n'kugwa, anayesa ndi kavinidwe kamene anawaphunzitsa, ndipo anapitiriza kuthira madzi. Pamene anthu ankazimitsa magetsi n'kuti atamwalira kale.

Maliro atatha, mkulu wa filimu anati nyimbo imalizidwe. Mtsikana wina sanamupeze, anajambula chigawo chomalizacho ndi khumi ndi mmodzi otsalawo. Iwo eniake ndiwo anathira madzi, ndipo amati anawawerenga okha atsikanawo.

Atatero anandiuza kuti ndiimitse chithunzi pachigawo chomalizacho, ndiwerenge ndekha. Amayi, ndinawerenga katatu ndi chala pagalasi. Alipo khumi ndi awiri. Wa kumapetoyo nkhope yake sioneka, tsitsi lonyowa laiphimba, ndipo anzake onse akatembenukira kumanzere iye amachedwa pang'ono.

Madzulo ndinawafotokozera a Vasanthi. Anaseka mwaulemu, anati dzina limenelo sanalimvepo, ndi matenda chabe, ndipo eni filimu ayenera kuti anaikapo mtsikana wina bambo awo n'kuiwala. Mwina ndi zoona. Koma ndikukwera sitima kubwerera ku Manassas ndinazindikira kuti ndikuwerenga anthu a m'chipinda chimene ndinakweracho.

Pawailesi akunena za namondwe amene ali kunyanja ya ku Mozambique. Mwamva?

Felistas


Falls Church
Lolemba, 13 Malichi 2023

Gresham,

Ndakuimbira kosawerengeka, foni yako sikulira n'komwe. Ya mkazi wako chimodzimodzi. Zithunzi za ku Chilobwe zadzaza m'gulu la tchalitchi chathu kuno, ndaona matope mpaka m'mazenera, ndaona anthu akukumba ndi makasu. Malo ena ndikuwadziwa. Nyumba yathu sindikuiona. Amayi ali kuti? Ukangopeza netiweki lemba liwu limodzi lokha.

Ndikuuze chimene chachitika kuno, mwina undiseka, ndilibe nazo kanthu. Cha m'ma 9 koloko m'mawa uno, kumeneko inali 3 koloko masana, ndinawaikira bambowa nyimbo yawo. Ine maso anali pafoni. Ndinangomva asiya kunong'ona. Nditawayang'ana anali atatsamira kutsogolo, chala chili m'mwamba. Anati lero alipo khumi ndi atatu.

Ndinawafunsa kuti winayo ndani. Anati si wovina, ndi mayi wachikulire, wafupi, waima pambali ataphimba mutu ndi nsalu. Kenaka ananditembenukira, maso ali gwa ngati munthu wabwinobwino.

"Imene yamunyowetsayo si mvula yanga," anatero. "Yanga inali yoyera. Iyo ndi yofiira."

Ndinazimitsa TV osayang'anako. Kunja kuno kuli dzuwa, kulibe ndi kamtambo komwe.

Gresham, ndiyankhe.

Felistas


Zingwangwa
17 Malichi 2023

Achemwali,

Moni. Pepani kuti ndachedwa kuyankha. Foni yanga inalowa madzi ndipo magetsi kulibe chiyambire Lamulungu. Ndikulemba pafoni ya a Yotam, mphunzitsi mnzanga.

Tonse tili moyo. Nyumba ya ku Chilobwe inapita, koma Amayi ndinali nditawatenga Lamulungu madzulo. Ali kusukulu kwathu kumene kukugona anthu othawa napolo. Sangathe kulemba panopa chifukwa dzanja lawo linatupa. Akuti musadandaule ndipo musasiye ntchito.

Za bambo anuwo musaziike kumtima. Munthu wodwala mutu amalankhula zambiri, ndipo inu mumaziphatikiza ndi mantha anu.

Foni iyi si yanga, musamaimbe. Ndidzakulemberani zinthu zikakhala m'malo.

Gresham


Manassas
21 Malichi 2023

Gresham,

Kalata yako nditaiwerenga ndinagwada pansi m'sitima, anthu n'kumandiyang'ana. Lamulungu ndinakapereka umboni kutchalitchi ku Hyattsville, amayi anzanga anaimba mpaka kulira. Mulungu alemekezeke.

Koma tsopano papita masiku anayi, ndapempha chithunzi cha Amayi katatu, sunatumize. Dzanja ndilo latupa, nanga nkhope yatupanso? Ndikudziwa kuti wandikwiyira. Ndine ndinakuuza kuti uwasiye m'nyumba mwawo, ndipo iwe ndiwe unalondola. Ndavomera. Koma usandilange pondibisira mayi anga. Wawapeza kumene unkawafuna, tsopano ukufuna ine ndizigogoda kwa iwe ngati mlendo. Zimenezo si zabwino, Gresham. Ndinakubereka kumbuyo ine.

Amayi, ngati akuonetsani kalatayi, lembani ndi dzanja lamanzere, ngakhale dzina lanu lokha.

Kuno zinthu sizili bwino. Bambowa asiya kufuna nyimbo ija. Tsopano amati ndiwatembenuzire chikuku kukhomo la kukhonde, amakhala choyang'ana pamenepo mpaka masana. Sakudya ndikapanda kuika thaulo louma pampando wa pafupi ndi khomolo. Amati mlendo wanyowa, ndipo n'zochititsa manyazi kudya mlendo ali chiimire. Ndinawauza kuti mayi anga apezeka, ali bwino kusukulu. Anandiyang'ana ngati akundimvera chisoni, n'kupemphanso thaulo.

Kapeti ya pakhomopo ikumanyowa, malo aang'ono ngati pamene paima munthu. A Vasanthi anaitanitsa wokonza mapaipi Lachisanu, anafufuza mpaka kunsi kwa nyumba, sanapeze podontha. Ndimaumitsa ndi makina, mawa lake panyowanso. Fungo lake ndi la dothi, lija limamveka mvula yoyamba ikagwa pafumbi. A Vasanthi anaima pamenepo n'kunena kuti fungo limenelo anasiyana nalo ali mtsikana kwawo. Ine sindinawauze kuti nanenso ndikulidziwa.

Tumiza chithunzi.

Felistas


Zingwangwa
29 Malichi 2023

Achemwali,

Makalata anu onse ndawaona, ndi atatu aja a sabata yatha. Ndimatsegula n'kutseka. Lero amalume abwera kuchokera ku Chiradzulu ndipo andiuza kuti ndikapanda kulemba ine alemba iwo.

Ndinakunamizani. Amayi sitikuwaona chiyambire Lolemba lija, pa 13.

Zoti ndinawatenga Lamulungu ndi zoona. Anagona kusukulu pamodzi ndi ife. Lolemba masana mvula inaleka pang'ono, ine ndinapita kukathandiza kunyamula ovulala kuwatengera kumsewu. Nditabwerera mkazi wanga anati Amayi atuluka, ati akukatenga mandala awo ndi Baibulo zimene anaiwala pakabati, abwera msanga. Mayi Nellie, oyandikana nawo aja, anakumana nawo akukwera, atafunda chitenje kumutu. Anawakuwira kuti abwerere, koma mukudziwa makutu awo. Pasanapite nthawi phiri linatsikanso kachiwiri. Inali cha m'ma 3 koloko.

Ndakumba pamene panali nyumba mpaka kufika pasimenti. Ndayenda m'misasa yonse. Kumochale ndapita kasanu, ndavundukula nsalu zimene sindidzaziiwala. Ndatsata mtsinje ndi asilikali ndi agalu awo. Palibe.

Sindinakukwiyireni. Nanenso ndikanatha kukhoma chitseko cha kalasi. Ndinanama chifukwa ndimakudziwani. Mukanakwera ndege tsiku lomwelo, zaka zisanu ndi chimodzi zija n'kupita pachabe, inu n'kudzaima pamatope ngati ine, osawapezanso. Ndinkati ndiwapeze kaye, amoyo kapena ayi, ndiye ndikuuzeni. Masiku anangopita. Kalata yanu ya pa 13 ndinaiwerenga pa 17, ndili pafoni ya a Yotam. Nditafika pa 3 koloko paja ndi pansalu yakumutu ndinatulukira kuseri kwa kalasi, n'kubwera kudzakulemberani bodza lija.

Akuluakulu agwirizana kuti tisadikirenso. Lachiwiri pa 4 tikaika thunthu la nthochi kumudzi pamodzi ndi chovala chawo chimene chinatsala kusukulu, kuti maliro atuluke m'nyumba. Amalume akuti sangachite popanda mawu anu, poti ndinu wamkulu.

Musabwere, achemwali. Ndagwira mwendo wanu.

Gresham


Manassas
31 Malichi 2023

Gresham,

Za bodza lako tidzakamba tsiku lina, panopa ndilibe mphamvu. Marjorie wandibisira pasipoti. Dzulo sindinapite kuntchito, lero ndinapita, ndipo n'chifukwa chake ndikulemba.

Uwauze amalume adikire masiku atatu. Nthochiyo asadule.

A Vasanthi nditawauza za Amayi anandikumbatira, anati ndipume sabata yonse. Ndinapempha kuti ndiwaone kaye bambo awo. Ndinawapeza pamalo awo aja, akuyang'ana kukhomo. Ndinagwada pambali pa chikuku n'kuwafunsa mosazungulira kuti mlendo wawoyo akuti ali kuti. A Vasanthi anafuna kundiletsa, kenaka anangokhala pansi n'kumamasulira, chifukwa bambowo anayankha m'Chitamil chokhachokha.

Anati mayiyo samva, ndiye kumufunsa n'kovuta, koma mapazi ake aima pakamwa pa mapaipi awiri aakulu a simenti, ndipo pamwamba pake pamadutsa njira. Pambali pali mtengo woyera khungwa umene unapindika ngati chigongono. Kenaka anayamba kulankhula ngati ali pantchito. Anati anthu osadziwa madzi amafunafuna kumene madzi anathamangira, pamene madzi amasiya katundu wawo pamene apunthwa.

Gresham, ine sindinawauzepo kuti Amayi samva. A Vasanthi okha ndi amene ndinawauza, tsiku loyamba, ndipo akulumbira kuti sanatchulepo.

Malowo ukuwadziwa. Ndi pakamlatho ka njira ya kuchigayo, pamene pali bulugamu wopindika uja tinkakwerapo pochokera kusukulu. Ndikudziwa kuti ndi kumbali, si kumene matope ambiri anadzera. Ndikudziwanso kuti ndiwe mkulu wa mpingo ndipo unena kuti ndayamba kuombeza kwa munthu wopembedza mafano. Nena zimenezo uli ndi khasu m'manja. Ukapanda kupeza kanthu, dulani nthochiyo, mawu anga ndapereka.

Felistas


Chiradzulu
6 Epulo 2023

Achemwali,

Amayi tawaika dzulo, pafupi ndi agogo.

Kalata yanu ndinakhala nayo masiku awiri osauza munthu. Ndinkaona kuti ndi tchimo, ndinkaonanso kuti chisoni chakusokonezani. Lamulungu potuluka m'tchalitchi mapazi anangonditengera kumeneko. Kamlathoko sikaonekanso, panali matope okhaokha ndi miyala, ndipo anthu apanga njira ina pamwamba pake. Bulugamu uja anathyoka, koma chitsa chake chilipo. Ndinaima pamenepo mpaka a Yotam anandipeza. Ndinangowauza kuti mchemwali wanga walota. Sanafunse zambiri, anakaitana amuna asanu a m'kwaya.

Tinakumba Lolemba lonse osapeza kanthu koma malata ndi mpando wa galimoto. Lachiwiri cha m'ma 11 khasu linagunda simenti. Mapaipi aja anali atatsekeka ndi nthambi. Amayi anali pakamwa pa la kumanja. Sindikufotokozerani zambiri. Ndinawadziwa ndi chitenje cha Mvano ndi makiyi a nyumba amene ankamanga m'chiuno. Pambali pawo panalinso munthu wina, bambo, amene abale ake anamuzindikira madzulo omwewo. Iwonso anali atakonza zodula nthochi. Mkazi wake anandigwira manja n'kundifunsa kuti ndinadziwa bwanji.

Mwambo unayenda bwino. Amayi a Mvano anabwera ndi minibasi ziwiri kuchokera ku Chilobwe ngakhale ambiri alibe pogona. Kanema amene a Yotam anajambula ndikutumizirani netiweki ikalola. Nkhata yanu anaika ndi mkazi wanga, dzina lanu linatchulidwa.

Abusa anandifunsa chimene chinandipangitsa kukumba pamenepo. Ndinabwereza zoti munalota. Ndi bodza lachiwiri mwezi usanathe, ndipo sindikudziwa ngati ndidzapite kukalikonza.

Bambo anuwo sindikudziwa choti muwauze. Ndimafuna kuti muwathokoze, komanso ndimafuna kuti muchoke m'nyumba imeneyo. Chitani chimene mtima wanu ukuuzani.

Gresham


Manassas
23 Epulo 2023

Gresham,

Moni kwa iwe, mlamu ndi ana. Kanema uja ndinaonera kamodzi, pamodzi ndi Marjorie ndi amayi a kutchalitchi amene anabwera kudzakhala nane. Zikomo chifukwa cha nkhata. Zikomo chifukwa cha khasu.

Ntchito sindinasiye. Ndinabwerera pa 11. Kapeti inali youma, a Vasanthi akuti inauma yokha sabata ya Pasaka. Ndinagwada kuti ndiwathokoze bambowo, koma anandifunsa ngati ndine wobweretsa makalata. Sakukumbuka kanthu. Afooka kwambiri, akudya phala lokha, ndipo adokotala auza a Vasanthi kuti ayambe kudziwitsa abale.

Poimbira abalewo ndi pamene a Vasanthi anafunsa azakhali awo ena a ku Chennai, a zaka 90, ngati anamvapo za Ponni. Akuti gogoyo anawaululira zonse. Ponni anali mlongo wawo wa a Kathiresan, wamng'ono, wa bere limodzi. Ndiwo anakamutenga kumudzi chaka cha chilalacho, n'kumupezera malo pakati pa ovina. Atamwalira anamuika mumzinda momwemo osauza mayi awo. Kwa zaka ziwiri ankalemba makalata m'dzina lake, kumati ali bwino, ntchito yachuluka, adzabwera mvula ikagwa. Mayiwo anamwalira akudikira. Pambuyo pake abale anagwirizana kuti dzinalo lisamatchulidwe, n'chifukwa chake a Vasanthi anakula osadziwa kuti anali ndi azakhali ena.

Nditamva zimenezi ndinakuganizira. Iwe unapirira nalo masiku khumi ndi awiri okha, ndipo unaulula wekha. Nkhani ija ndinati tidzakambe tsiku lina, tisaikambenso.

Tsopano chimene ndalembera. Lachisanu a Vasanthi anati akufuna kuyatsa nyali ya mafuta pakona pamene amapempherera, ya Ponni, koyamba chimwalirireni. Anandifunsa ngati ndingalole kuti ayatsenso ina ya Amayi. Ndinaganiza za abusa, ndinaganiza za iwe, kenaka ndinavomera, poti munthu akakupepesa maliro sumufunsa mpingo wake. Ine ndinaima kumbuyo n'kupemphera pemphero langa.

Asanayatse anafunsa dzina la Amayi, kuti alitchule. Ndinati Esitere Nangozo. Bambowo anali pachikuku pambali pathu, maso ali chitsinzire, tinkayesa agona. Anapukusa mutu. Anati limenelo si limene mayiyo anawauza. Ndiye anatchula lina, pang'onopang'ono, ngati mmene ine ndimavutikira ndi mawu awo.

"Nda-zi-o-na."

Anabwereza kawiri. A Vasanthi anandifunsa ngati ndi mawu a kwathu, poti m'Chitamil mulibe. Ndinati ndi a kwathu, koma dzina limeneli sindinamvepo munthu akuwaitana nalo Amayi, ngakhale Bambo ali moyo. Pamsonkhano wa Mvano, pachiphaso, pamtanda wa pamanda awo, paliponse ndi Esitere.

Ukapita kumudzi ukawafunse amalume. Usawauze kumene ndalimva mpaka atayankha.

Mchemwali wako,
Felistas


Chiradzulu
29 Epulo 2023

Achemwali,

Moni. Tonse tili bwino. Ndabwera kumudzi dzulo kudzathandiza kukolola kochepa kamene katsala.

M'mawa uno ndinawapeza amalume akukonza msampha wa mbewa kuseri kwa nkhokwe. Ndinawafunsa ngati m'banja mwathu munali munthu wotchedwa Ndaziona. Anasiya chimene ankachita. Anandifunsa kuti wandiuza ndani. Ndinati ayankhe kaye.

Akuti ndilo dzina limene Amayi anapatsidwa potuluka m'chikuta. Agogo anali atataya ana atatu otsatizana, ndiye anawatcha choncho. Ali ndi zaka zinayi anadwala mpaka anthu kuyamba kusonkhana pakhomo. Atachira, agogo anati dzinalo ndi limene likuitana imfa, analisiya tsiku lomwelo ndipo analetsa aliyense kulitchula. Ku ubatizo anapita ndi la Esitere. Amalume anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Akuti onse amene ankalidziwa anapita, anatsala iwo okha, ndipo sakhulupirira kuti Bambo analimvapo.

Ndiye ndinawafotokozera zonse, kuyambira pa nyimbo ija mpaka pakamlatho. Za maloto ndinawauza kuti linali bodza. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anatola msampha wawo n'kunena kuti ndikulembereni mawu awa monga mmene awanenera:

"Auze bambowo kuti tathokoza, anatisungira mlendo. Koma dzinalo asalitchulenso, ndi inu nomwe musalitchule. Munthu tamugoneka movutikira, musamudzutse."

Pepala limene munalembapo dzinalo muliwotche. Ine kuno ndafufuta kale pafoni ya a Yotam, ndipo iyi mukawerenga mufufutenso.

Gresham